Mwendo wa Domingo, Dzina la Tafara

Ku Hopley anthu amabwerekana chilichonse: wilibala, chingwe chotungira madzi pachitsime, tchaja ya foni, ngakhale nsapato zopitira ku ukwati. Koma Domingo, mwamuna wa Francisca, iye anachita kuonjeza. Anabwereka dzina.

Zonse zinayamba ndi msomali. Banjali linachokera ku Angoniya, m'chigawo cha Tete, ndipo muno mu Harare Domingo ankadya za ganyu, kutsitsa katundu m'malole pazipata za mafakitale ku Willowvale. Tsiku lina anaponda thabwa, msomali wadzimbiri n'kuboola nsapato mpaka kulowa kuphazi. Anauzula yekha, natukwana pang'ono m'Chipwitikizi, n'kupitiriza kusenza matumba. Madzulo Francisca anatsuka balalo ndi madzi a mchere. Mawa lake dalaivala wina anathirapo mafuta a mabuleki, ati amaumitsa chilonda. Wina anabwera ndi phulusa la batire. Madokotala a pachipata cha fakitale ndi ambiri, abale inu, ndipo onse ndi aulere.

"Bambo a Nércia, tiyeni kuchipatala," Francisca ankatero m'mawa uliwonse.

"Chipatala cha yani? Ukangofika pawindo akuti chitupa. Ine ndiwaonetsa chiyani, nkhope? Ukufuna andikweze lole ya apolisi, ukandipeze kumalire ku Nyamapanda?"

Nkhani ya lole ya apolisiyi aliyense wobwera ku Hopley ankaidziwa. Panalibe amene anaionapo ndi maso ake, koma aliyense anali ndi msuweni wa mnzake amene zinamuchitikira. Choncho Domingo anakhala pakhomo. Phazi linatupa, kutupako kunakwera mwendo, ndipo fungo linayamba kuthamangitsa mwana wawo Nércia m'nyumba.

Ndiye kunabwera Tafara. Ameneyu anabadwira ku Mufakose, mu Harare momwemo, mwana wa bambo Yosiya amene anachoka ku Dedza kalekale kudzafuna ntchito. Tafara ankayendetsa foloko yonyamula katundu pafakitale ina, wolembedwa ntchito mokhazikika, wachitupa chake. Anagwirizana ndi Domingo chifukwa cha chilankhulo: anamumva akung'ung'udza m'Chichewa pansi pa thumba la simenti, namuyankha, ubale n'kuyambira pomwepo. Atamusowa pachipata, Lamlungu lina anakwera kombi kudzamuona. Atavundukula nsanza ya pamwendo anabwerera chambuyo atagwira mphuno.

"Achimwene, uku ndi kudzipha!"

Anapisa m'thumba natulutsa khadi la medikoedi, lija kampani imapatsa antchito ake kuti akadwala azikathandizidwa kuchipatala cha pulayiveti osatulutsa kanthu m'thumba. Pamwamba pake anaikapo chitupa chake.

"Kuyambira lero ndinu Tafara. Chithunzichi n'chakale, chinafufuma. Tonse ndife akuda, tonse tili ndi dazi, akatisiyanitsa ndani? Akakubayani jakisoni, akatsuka balali, mubwerako. Msuweni wanga anachira malungo ndi khadi lomweli. Ine ndizipita kuntchito monga mwa masiku onse, fakitale ndi chipatala sizionana."

Francisca anagwada, misozi ili chuchuchu. Koma Tafara anali asanamalize.

"Chinthu chimodzi, alamu. Pakhadipa mkazi wanga ndi Dolly. Ndiye amene awaperekeze, ndiye amene azikawaona. Inu musayandikeko. Chishona chanu chili ndi Tete mkati, mukangotsegula pakamwa tonse tagwidwa. Ndipo dzina loti Domingo lisamveke m'chipatalamo, ngakhale monong'ona."

Anavomera. Akanatani? Mawa lake m'mawa anaona mwamuna wake akukwezedwa m'galimoto ya hayala, mkazi wa mwini atakhala pambali pake, fumbi la Hopley n'kuwameza.

Kuchokera tsiku limenelo Francisca sanakhalenso pansi. Akafika pabenchi yake ya tomato, ankaunjika timilu, n'kutiphwasula, n'kutiunjikanso. Wogula akafuna anyezi iye ankamupatsa repu. Akabwerera kunyumba ankasesa pabwalo posesa kale. Anachapa malaya a Domingo oyera kale, kuwayanika, kuwanula asanaume. Foni inali m'manja nthawi zonse, batire n'kutha ndi kungoiyang'ana. Akaimbira Dolly, yankho linali limodzi, la m'Chishona: "Ari nani." Ali bwinoko. Dzulo ali bwinoko, lero ali bwinoko, nanga munthu wa bwinoko bwanji sakubwera kwawo?

Anayamba kupita ku Mufakose. Makombi awiri, wina wokafika m'tauni, wina wotulukanso, atapanikizidwa pakati pa anthu ndi matumba, botolo la phala lili pamiyendo. Ankapereka phalalo kwa Dolly, n'kumudikira pakhonde mpaka abwereko kuchipatala. Mkatimo bambo Yosiya ankakhosomola pampando wawo, ana a Dolly akusewera pamsewu, iye akuyenda kuchoka pageti kufika pampopi, kuchoka pampopi kufika pageti.

"Anena chiyani, mayi a Nokutenda?" Francisca ankamufunsa Dolly akangofika.

"Akuti moni."

"Basi? Za Nércia sanafunse? Mwendo mwauona?"

"Aumanga bandeji. Ine ndikaona bwanji mwendo wa mwamuna wa mwini?"

Dolly sanali munthu woipa, tisamunamizire. Anali mayi wa ana atatu, wogulitsa mazira ndi mafiriziti, timadzi tozizira ta m'mapulasitiki tija, pageti, Chichewa chake chosakaniza ndi Chishona ngati mpunga wa nyemba. Anasiya malonda ake n'kumakwera kombi tsiku ndi tsiku chifukwa cha mwamuna amene sankadziwa ngakhale kuti tiyi amamwa wa shuga wotani. Koma paja kandimverere anakanena za m'maluwa. Mtima wa Francisca unakana kukhazikika.

Tsiku lina akutsegula basiketi kuti atsuke botolo, analipeza lodzadza, phala litazizira mpaka kugwirana. Anayang'ana Dolly. Dolly anayang'ana pansi.

"Ndi lachiwiri limeneli," Dolly anaulula. "Ladzulo ndinapatsa ana, ndimaopa kukudandaulitsani. Sakudya. Thupi likutentha, akungolankhula zosamveka."

"Mawa ndipita nanu."

"Maiwe! Mwaiwala zimene ananena bambo a Noku?"

"Ndipita. Mukandikaniza ndikakhala pageti la chipatala mpaka alonda andifunse chimene ndikufuna."

Anakangana mpaka dzuwa kupendeka, kenako Dolly anapeza nzeru. Francisca apite ngati mtsikana wa ntchito. Avale epuloni, amange duku, anyamule basiketi, ayende kumbuyo, ndipo pakamwa atseke ngati wamwa guluu.

Chipatalacho chinali choyera moti Francisca anachita manyazi ndi fumbi la m'mapazi ake. Pansi poterera, makatani a buluu, maluwa a pulasitiki pakona. Anatsatira Dolly mpaka m'chipinda cha mabedi ochepa, ndipo pabedi la kuwindo anaona dzina lolembedwa pamwamba: Tafara. Pansi pa dzinalo panagona mwamuna wake.

Mayo ine! Ameneyu ndi Domingo uja wosenza matumba awiri nthawi imodzi? Masaya analowa, milomo inasweka, thukuta lili kamukamu pamphumi. Maso anali otseguka pang'ono koma osaona kanthu. Miyendo ya Francisca inafuna kuthamanga yokha, koma Dolly anamutsina pamkono. Dolly anakhala pampando wa pambali pa bedi, mpando wa mkazi. Francisca anaima pakhomo atakumbatira basiketi.

Kunalowa namwino, mayi wojintcha wa mawu amphamvu, pachifuwa atalemba Ruvimbo. Anayang'ana botolo la madzi lolendewera, nayang'ana Dolly, napukusa mutu.

"Inu mayi, mumangokhala ngati mlendo," anatero m'Chishona. "Mwamuna wanu akusamba thukuta, simungamupukute?"

Dolly anatenga kansalu, nayamba kupukuta ndi nsonga za zala ngati akugwira poto wotentha. Francisca anamva manja ake akuyabwa. Osati choncho! Yambirani kukhosi, kuseri kwa makutu, ndi kumene amachita thukuta kwambiri. Mukwezeni mutu, sagona chagada ameneyo, msana umamupweteka. Mawu onsewa anadzadza m'kamwa, iye n'kuwameza limodzi ndi malovu.

Ndiye milomo ya Domingo inagwedera.

"Chika... Chika..."

Limeneli ndi dzina limene ankamuitana nalo chiyambire ku Ulongwe, ali mtsikana wogulitsa mbatata pamsika. Panalibe wina padziko lapansi amene ankamutcha choncho. Basiketi inatsala pang'ono kugwa.

Sisita Ruvimbo anaweramira kwa Dolly, natsitsa mawu, koma mawu a mayi ameneyu ngakhale atawatsitsa ankafika pakhomo.

"Musazitengere kumtima, mayi. Chibwerereni akungoitana Chika ameneyu. Ife tikamuitana Tafara, Tafara, sacheuka n'komwe, koma Chika yekha sachoka pakamwa. Amuna ndi choncho. Wodzamupukuta ndiwe, koma akamabwebweta amatchula wa kumbali. Achire kaye, mlanduwo mukakambe kunyumba."

Francisca sanadziwe kuti aseke kapena alire. Wa kumbali! Iye amene Domingo anamulipirira chiwongo pamaso pa amalume ake, iye amene anawoloka naye malire wapansi, mwana ali kumbuyo. Analuma mlomo mpaka kumva mchere wa magazi.

Posakhalitsa kunabwera dokotala, bambo wamng'ono thupi, wa maso otopa. Anavundukula bulangete, namasula bandeji pang'ono, nabwezeretsa msanga. Anati akufuna kulankhula ndi mkazi wa wodwala payekha.

"Sisi, dikirani panja," namwino anauza Francisca, akumukankhira kukhonde ndi basiketi yake.

Panjapo panali benchi, koma ndani akanakhala? Anayenda mpaka kumapeto kwa khonde, nabwerera. Anawerama kumanga nsapato yopanda zingwe. Anasuzumira pawindo, naona magalimoto akudutsa, anthu akugula chimanga chootcha ngati kuti dziko lili bwinobwino. Anabwereranso. Chitseko chitatseguka, Dolly anatuluka nkhope itachita phulusa, namugwira dzanja, namukokera panja kuseri kwa chipatala, pafupi ndi migolo ya zinyalala.

"Akuti adule."

"Adule chiyani?"

"Mwendo. Pamwamba pa bondo. Lero lomwe. Akuti wawola, ndipo kuwolako kukulowa m'magazi. Akapanda kudula, Lamlungu sadzaliona. Akufuna mkazi wake asaine."

Francisca anatsamira khoma. Mwendo. Munthu wosenza matumba adulidwe mwendo, adzadya chiyani? Koma ganizolo linangodutsa, lina n'kulikankha: abwere ndi mwendo umodzi, abwere wopanda yonse iwiri, bola abwere.

"Kasaineni, mayi a Noku. Chonde thamangani."

"Ndisaine?" Dolly anafunsa. "Mukudziwa mwendo umene akudula? Ndi wa Tafara! M'mabuku mwawo alemba kuti Tafara alibe mwendo. A medikoedi akauza kampani. Mabwana abwera ndi maluwa kudzaona wantchito wawo wolumala, pamene mwini wake ali pafoloko ndi miyendo iwiri. Malungo umachira, dzina n'kubweza, palibe wodziwa. Nanga mwendo tidzaubweza bwanji?"

Apa ndiye panagona nkhani. Onse aja, Tafara ndi nzeru zake, Domingo ndi mantha ake, palibe amene anaganizapo zoti matenda ena amasiya chizindikiro.

Dolly anaimbira mwamuna wake. Foni inalira mpaka kuduka. Anaimbanso, chimodzimodzi. Pafoloko salola foni, imakhala m'kabati mpaka nthawi yoweruka.

"Mvetserani," Dolly anatero, akupukuta m'maso ndi chitenje. "Tiwauze kuti banja likaganize kaye. Timutulutse mwakachetechete. Ku Hopley kwanu kuli madzibaba amapemphera kuthengo aja, anthu amachira. Kapena timukweze basi ya ku Tete, akadulidwe kwawo kumene ali ndi dzina."

"Basi ya ku Tete? Munthu ameneyu? Akafera pamalire!"

"Nanga ine nditani? Ntchito ija ikatha tidya chiyani? Khadi lomweli ndi limene likusunga apongozi anga, mapiritsi awo a shuga timatengera pomwepo. Akhoza kumumanga Tafara, mukudziwa? Tinakuchitirani chifundo, mayi a Nércia. Musatiphe chifukwa cha chifundo chathu. Dikirani aweruke, iyeyo ndiye aganize."

Mawu amenewa anamulasa Francisca, chifukwa anali oona. Anthu awa sanali abale ake, sanali a mudzi wake. Anangomva chilankhulo n'kutsegula chitseko. Kwa eni kulibe mkuwe, amatero akuluakulu, ndipo iye chibwerereni mu Harare anakhala moteromo: kuyankhula motsitsa, kuseka nthabwala zomunyoza, kupatuka panjira akaona yunifolomu. Tsopano akuwe, ndipo mkuwe wakewo ugwetse denga la anthu okhawo amene anamuchitira zabwino?

Anayenda kufika pageti. Mlonda anamuyang'ana, iye anabwerera. Anafika pamigolo, napezanso Dolly akulimbana ndi foni. Anapitanso kugeti. Dzuwa linali pamutu, ndipo kuweruka kwa ku Willowvale kunali kutali ngati Tete yemweyo. Ankamva ngati kuwola kuja kukukwera m'thupi mwake momwe, kuchoka pabondo, kufika m'chiuno, kulunjika pamtima. Anaika basiketi pansi, nainyamulanso.

Chitseko cha kuseri chinatseguka. Anali Sisita Ruvimbo, pepala ndi cholembera zili m'manja.

"Mayi inu, ndakufunani ponseponse! Adokotala akudikira. Thupi latenthanso kuposa m'mawa. Mukusaina kapena ayi?"

"Tikufuna... tikufuna tikaganize kaye kunyumba," Dolly anayankha, maso ali pansi. "Timutenga."

"Mumutenga? Mayi, ngati n'chifukwa cha Chika uja, musalange munthu ndi imfa. Mukamutulutsa pano mukukamuika m'manda."

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Francisca anaika basiketi pansi, ulendo uno osainyamulanso. Anamasula epuloni ija, naipinda, naipereka kwa Dolly. Kenako anatsegula pakamwa, Chishona chake cha Tete mkati chija n'kutuluka chonse, chopindikapindika, mopanda manyazi.

"Chika ndine. Uyo si Tafara. Ndi Domingo, mwamuna wanga, bambo wa mwana wanga. Bweretsani ndisaine. Dulani."

Namwino anayang'ana Francisca, nayang'ana Dolly, nayang'ananso Francisca. Dolly anakhala pansi pomwepo, pasimenti, manja ali kumutu.

"Mwatipha," anatero chapansipansi. "Mayi a Nércia, mwatipha."

Zotsatira zake zinayenda mothamanga. Kunabwera bambo wa mu ofesi wa tayi, natenga khadi ndi chitupa, natsekera Dolly m'chipinda kuti afotokoze. Mafoni analira. Bamboyo ananena mosapsatira kuti opaleshoni singachitikire pamenepo, pakuti munthu wagona pabediyo medikoedi sikumudziwa. Dokotala anakangana naye pang'ono, nalephera, ndiye analemba kalata, naonjeza botolo lina la mankhwala, nalamula ambulansi kuti ithamangire naye kuchipatala chachikulu cha boma. Sisita Ruvimbo ndiye anakankha bedi mpaka pagalimoto. Anangotenga kansalu konyowa n'kukaika m'manja mwa Francisca.

"Kwerani. Mupukuteni mwamuna wanu."

Anayambira kukhosi, kuseri kwa makutu. Anamukweza mutu nauika pamiyendo pake. Ambulansi ikulira m'misewu ya m'tauni, iye ankangobwereza dzina lija analiletsedwa, Domingo, Domingo, ngati akulitsuka.

Koma mantha anali asanathe. Kutsogolo kunali windo lija, windo limene analithawa chiyambire. Atafika, anyamata a machira analowa naye Domingo mkati, iye n'kuuzidwa kuti akalembetse. Anaima pamzere. Anaganiza za Nércia amene anamusiya kwa aneba: akanditenga pano, mwana uja amuuza ndani? Anayang'ana uku ndi uku kufuna wapolisi. Analipo mmodzi, pabenchi, akuodzera ndi nyuzi pamiyendo.

Pawindo panali mayi wa magalasi, akutafuna chingamu.

"Dzina la wodwala?"

"Domingo Zakaria."

"Chitupa?"

"Alibe. Ndife a ku Mozambiki."

Anatseka maso kudikira kuti dzanja limugwire paphewa. Mayi uja sanadzutse n'komwe mutu. Analemba kenakake, nafunsa kumene amakhala, nanena kuti za malipiro akakambe ku ofesi ina wodwala akatuluka. Kenako anaponya khadi pawindo.

"Wotsatira!"

Basi? Basi zomwezi? Francisca anaima pomwepo mpaka wa kumbuyo anamukankha. Mkwiyo unamukwera kuchokera kumapazi, wosadziwa woupsera. Lole ya apolisi ili kuti? Msuweni wa mnzake uja ali kuti, abwere adzaone? Mafuta a mabuleki, phulusa la batire, dzina la mwini, ntchito ya mwini, mwendo wa munthu, zonsezi chifukwa cha mayi wotafuna chingamu amene alibe ndi nthawi yoti akuyang'ane kumaso! Akanabwera tsiku la msomali lija, bwenzi ili nkhani ya jakisoni. Anafuna kukuwa kuti Hopley yense amve, koma namwino wina anali akumuitana kale kuti adzasaine. Anasaina dzina lake lenileni, zilembo zokhotakhota.

Anadula madzulo omwewo.

Masiku otsatira Domingo anali pakati pa moyo ndi imfa, ndipo Francisca anali pakati pa Hopley ndi chipatala. Kuno kunalibe makatani a buluu. Mabedi anali mbali ndi mbali, mankhwala ena ankachita kukagula yekha kufamase, madzi obwera nawo m'chigubu. Koma mpando wa pambali pa bedi unali wake. Ku Mufakose sanapiteko. Kangapo anatenga foni kuti aimbe, n'kuibwezera m'thumba. Akanayamba ndi mawu ati?

Kutentha thupi kunatsika pang'onopang'ono. M'mawa wina, dzuwa litalowa kale pawindo, Domingo anatsegula maso, maso enieni oona. Namwino amene ankadutsa anaima.

"Mwadzuka, bambo Domingo?"

Domingo anatseka maso msangamsanga ngati sanamve. Namwino atapita, anatsegula limodzi, naona mkazi wake, nadzidzimuka.

"Chika! Ukutani kuno?" ananong'ona. "Choka msanga, utigwiritsa. Ine ndine Tafara. Wamva? Usamuonongere mnzanga ntchito."

Francisca anamugwira dzanja. Bulangete linali litafunda mpaka pachifuwa, ndipo Domingo anali asanayang'ane kumusi.

"Zinatha zimenezo, bambo a Nércia. Kuno ndi kwa boma. Akukudziwani ndi dzina lanu."

"Kwa boma? Wanena ndani?"

Asanayankhe, pakhomo la wodi panaima munthu wadazi, atavala malaya a kutchalitchi, m'manja muli jumbo ya malalanje. Anali Tafara. Francisca analakalaka nthaka itang'ambika. Anatsika pampando nagwada pasimenti, mutu uli pansi.

"Alamu, ndinalakwa. Ndinalibe..."

"Dzukani, alamu, pansi pa chipatala m'pauve," Tafara anatero. Mawu ake anali olemera, ndipo maso anali ofiira ngati munthu amene sakugona. Sanamwetulire. "Dolly akadali wokwiya, sindikunamizani. Inenso ndinakwiya. Koma ndikanaweruka tsiku lija n'kupeza mwadikira ine, sindikudziwa chimene ndikanayankha. Mwina ndi bwino kuti simunandifunse."

Anakhala m'mphepete mwa bedi, natulutsa lalanje limodzi, nayamba kusenda ndi chala. Domingo ankangomuyang'ana, kenako anayang'ana dzuwa pawindo, nayang'ananso malaya a kutchalitchi aja.

"Achimwene, lero ndi lachingati?"

"Lachitatu."

"Nanga foloko akuyendetsa ndani?"

Tafara anapitiriza kusenda. Khungu la lalanje linagwera pansi, iye nawerama kulitola, nalisunga m'manja.

Domingo anamvetsa kuti ntchito ya mnzakeyo inatha. Misozi inatsikira m'makutu, ndipo anagwira mkono wa mnzakeyo mwamphamvu zimene zinatsala.

"Musadandaule, achimwene. Ana anu sagona ndi njala ine ndilipo. Ndingodzuka pano, ndizikasenza matumba a tonse awiri. Mwendowu wasiya kale kupweteka, taonani."

Anatambasula dzanja kuti avundukule bulangete. Francisca analigwira msanga, nalipanikiza pachifuwa pake. Anayang'ana Tafara, koma Tafara anali atayang'ana kukhoma. Dzanja la Domingo linali lofunda, lamoyo, likukoka kuti limasuke.

Francisca anapuma mozama, nalisiya.